Chaka Chimene Amayi Anasunga Wakuba M'chikuta

Pali fungo lina la pulasitiki yatsopano, lija limatuluka mukang'amba thumba la katundu wa m'sitolo, limene mpaka lero limandiimitsa pomwe ndili. Ndi mmene inkanunkhira jekete yonyezimira imene apolisi anawaveka amayi anga, kumudzi kwathu kufupi ndi Kachebere, mvula yotsogolera njala ija ya 2002 isanagwe. Inali yachikasu ngati duwa la dzungu, ndi mizere yotuwa imene inkathwanima dzuwa likaiomba. M'nyumba mwathu munalibe chinthu china chatsopano chotero. Amayi ankaikoloweka pa msomali kuseri kwa chitseko, ndipo ine ndikatsala ndekha ndinkapita kukaikamo mphuno. Ndinali ndi zaka khumi, ndipo ndinkakhulupirira kuti boma limanunkhira choncho.

Anabwera nayo ndi a Sajeni Mwale, munthu wamtali wa mawu ofatsa, amene anafika pa njinga atamanga miyendo ya thalauza ndi mphira kuopa tcheni. Kufikira tsiku limenelo, wapolisi kwathu anali munthu womuthawa. Akaonekera pamseu, amene anali ndi shuga wodutsa naye malire mozemba ankalowa m'fodya, ndipo amene analibe kanthu ankalowanso m'fodya momwemo kuti asaoneke odzikuza. Koma a Sajeni anakhala pa benchi ya kutchalitchi pansi pa mango, navula chipewa, namwa thobwa m'chikho chimodzi ndi aliyense. Anati apolisi ndi ochepa, dera ndi lalikulu, ndipo mbava za ng'ombe zimafika ku Zambia iwo asanamalize kupopa njinga. Anati tsopano mudzi uliwonse ukhale ndi apolisi akeake a m'mudzi, osankhidwa ndi eni mudzi, ndipo m'gulumo musalephere kukhala munthu wamayi.

Amayi anzawo sanachedwe n'kunong'onezana. Anangowakankha amayi anga, aNaphiri, kuchokera kumbuyo mpaka anapezeka ataimirira. Chifukwa chake chinali chodziwika. Amayi anali ndi mawu oti akaitana mwana ali kudimba, ankayankha ndi ana a eni ake omwe, ndipo pachitsime panalibe amene ankawadumpha pamzere kawiri. A Sajeni anawaveka jekete ija pamwamba pa bulauzi, anawapatsa wezulo ya chingwe chakuda, anthu n'kuseka ndi kululutira. Kenako anakweza dzanja kuti phokoso lithe.

"Lamulo ndi limodzi lokha," anatero a Sajeni. "Mukagwira wakuba, musamumenye. Musungeni bwino, mutumize munthu kwa ife. Ife tibwera."

Amayi anagwada pang'ono monga amachitira munthu polandira mphatso, nayankha kuti amva. Anthu ena amamva ndi khutu limodzi, linalo lili kwina. Amayi anga sanali otero, ndipo chimenechi ndi chimene chinativuta.

Galu wakuda analowa m'mudzi Khirisimasi isanafike. Nkhokwe yathu inatha msanga, tinayamba kudya gaga, gaga atatha tinayamba maungu aang'ono osakhwima ndi masamba ake, kenako mizu ya nthochi yosinja imene inkanunkha ngati dothi lonyowa ndipo inkatupitsa mimba. Abambo anawoloka malire kukafuna ganyu yolipidwa ufa ku minda ya ku Zambia, ndipo mwezi unatha osamva za iwo. Kusukulu tinkapita owerengeka, tinkagona pa madesiki, aphunzitsi osatidzutsa. Agalu anasiya kuuwa. Chimene chinkapweteka kwambiri n'chakuti kunja konse kunali kobiriwira. Chimanga chinali chitamasula ngayaye, chitabereka, ndevu zake zikufiira, koma njere zake zinali madzi okhaokha. Munthu ankafa ndi njala akuyang'ana chakudya chimene chinatsala pang'ono kupsa.

Pamenepo m'pamene kuba m'minda kunayamba, ndipo nkhanza zinabwera pambuyo pake. Tinamva kuti mudzi wina kumtunda anadula munthu khutu chifukwa cha chimanga chachiwisi. Tinamva kuti kwina anaika dzanja la mnyamata pa chitsa. Nkhani zimenezi zinkakambidwa pachitsime motsitsa mawu, koma osati modabwa, ndipo amene ankazikamba ankamaliza ndi mawu oti njala n'chilombo, ngati kuti chilombocho ndicho chinagwira mpeni. Amuna anamanga zilindo m'minda n'kumagona komweko ndi zikwanje. Amayi ankavala jekete yawo madzulo aliwonse n'kuzungulira zilindo zija, kuwakumbutsa amuna mawu a Sajeni. Jeketeyo inali itayamba kuwakulira. Amunawo ankayankha kuti amva, maso ali pa chikwanje chimene ankanola.

Mkati mwa zonsezi, mkulu wanga Felesiya anali ndi pakati poyamba. Mwamuna wake, alamu a Dominiko, anali mkamwini pakhomo pathu, munthu wolimbika ndi wosalankhulalankhula, amene analima munda wa amayi wa kumunsi mpaka m'malire mwa msewu. Chakudya chake ankachigawa pakati n'kumusunthira mkazi wake, iye n'kumwa madzi. Mwana anabadwa m'mwezi wa Febuluwale, m'kanyumba ka Felesiya kuseri kwa nyumba yathu, azamba a m'mudzi atathandiza ndi lezala ndi ulusi. Anali wamwamuna, wochepa ngati botolo, koma wolira mwamphamvu.

Kanyumba kaja kanasanduka chikuta. Kwathu mayi akabereka amabindikira m'nyumba ndi khanda mpaka mchombo utagwa, ndipo masiku amenewo mwamuna salowamo, ngakhale bambo wa mwanayo. Amati mwamuna ndi wotentha, akalowa amudula mwana, adwala n'kufa. Akhristu tinali, Misa sitinkaphonya, koma mwambo umenewu panalibe wouseweretsa. Ine ndinali ndisanakule, choncho ndinkagona momwemo. Munali mdima usana ndi usiku, utsi wa zitsononkho zonyowa, fungo la matewera ndi la mkaka. Alamu ankabwera m'mawa kuchokera kuchilindo, n'kuima kutali ndi khomo, n'kufunsa ngati mwana wagona bwino. Nkhope ya mwana wawo anali asanaione.

M'mawa wina, dzuwa litangotuluka, kunamveka mfuu kumunda wa kumunsi. Amayi anatenga jekete akuthamanga, wezulo ili kukamwa, ine pambuyo pawo. Tinakumana ndi gulu likubwera m'njira. Pakati pake panali mayi wowonda, wamfupi, atamangidwa manja ndi luzi, m'khosi atamukoloweka chimanga chimene anathyola, chomanga ndi makoko ake. Sichikanadzaza ngakhale kadengu. Mlomo wake unali utang'ambika kale. Anthu ena anamudziwa kuti ndi Elube, mmodzi wa matenanti a pa esiteti ya fodya ya kutsidya kwa dambo, anthu ochokera kummwera amene bwana wawo anali atasiya kuwapatsa chakudya. Analibe mbale m'mudzi mwathu, analibe womulankhulira. Amene anagwira nsonga ya luzi anali alamu a Dominiko, ndipo nkhope yawo sindinaizindikire.

Amayi analiza wezulo mpaka makutu anga analira. Anakumbutsa gulu za lamulo, anatchula dzina la a Sajeni, anati mundawo ndi wawo ndipo mlandu ndi wawo. Alamu anayankha mosakweza mawu kuti chimanga chimenecho n'chimene ankadikirira kuti mkazi wawo atulutse mkaka. Wina kumbuyo anati khutu lokha silikwana, abwere ndi palafini. Ndinaona amayi akuyang'ana uku ndi uku, kufunafuna anzawo a m'gulu la chitetezo, koma awiri anali atayang'ana pansi ndipo wachitatu anali ndi ndodo m'manja. Apo amayi anachita chinthu chimene palibe anachiyembekezera. Anati wakubayo amutsekera okha mpaka apolisi abwere, analanda luzi m'manja mwa alamu, anamukoka mayi uja kudutsa pabwalo, kudutsa nyumba yathu, n'kumukankhira m'chikuta. Kenako anakhala pakhomo, miyendo atatambasula.

"Amene ali mwamuna alowe," anatero.

Gulu linaima pomwe pankaima alamu m'mawa uliwonse. Chitseko cha kanyumbako chinali cha bango, choti mbuzi ikanachigwetsa ndi mutu. Koma panalibe mwamuna amene akanafuna kuti mawa anthu azimuloza kuti ndiye anapha khanda la Dominiko, ndipo Dominiko mwini wake sakanalowa. Amuna aja anatukwana, anaopseza, kenako anakhala pansi pa mtengo wa mango woyang'anana ndi khomo. Anati palibe kanthu, mchombo sukhala mwezi. Tsiku limene mwana adzatuluke m'chikuta, nyumbayo idzakhala nyumba wamba.

Amayi anatuma mnyamata wa kwa akatekisi pa njinga kupita ku polisi ya kumsika. Anabwera madzulo ndi yankho loti a Sajeni atumizidwa kukaletsa chipwirikiti kumene anthu ankakanganirana chimanga cha boma, galimoto ilibe mafuta, koma musungeni, tibwera mawa. Mawa lake yankho linali lomwelo. Kumutengera okha kupolisi sikukanatheka, chifukwa njira inkadutsa m'minda, ndipo pansi pa mango sipankasowa anthu. Ankasinthana. Ena ankabwera ndi kachasu, poti ngakhale m'chaka cha njala kachasu sasowa, sindidziwa amamuphika ndi chiyani.

Tinakhala choncho m'kanyumba kaja, anthu anayi ndi khanda. Felesiya poyamba sanafune n'kumuyang'ana komwe Elube. Phala la gaga limene amayi ankalipeza movutikira tsopano linkagawidwa panayi, ndipo Felesiya ankawerenga ndi maso supuni iliyonse yopita kwa mlendoyo. Elube ankakhala pakona, mawondo atakumbatira, osapempha kanthu. Chichewa chake chinali cha kwawo, chokoka mawu, ndipo ndinkafuna kuseka akalankhula koma mphamvu zosekera zinalibe. Ndinaona kuti khanda likalira, iye ankatembenukira kukhoma, ndipo bulauzi yake inkanyowa pachifuwa. Nditawafunsa amayi anandikodola kuti ndikhale chete. Pambuyo pake Elube ananena yekha kuti wake woyamwa anamuika m'manda sabata yapitayo, mwamuna wake anapita ku Zambia osabwerera, ndipo kuesiteti anasiya kamtsikana kwa anansi. Kuyambira pamenepo Felesiya anasiya kuwerenga masupuni, ngakhale kuti sanamulankhulebe.

Mchombo unagwa m'mawa wina amayi akumusambitsa mwana. Ndinauona ndi maso anga, kanthu kakuda kouma ngati phesi la dzungu. Pa mwambo, tsiku limenelo likanakhala lachimwemwe. Akanamumeta mwana, akanazira nyumba, akanamutulutsa pabwalo kuti bambo wake amuone ndi kumupatsa dzina. Amayi anautola, anaumanga pa nsonga ya chitenje chawo, natiyang'ana tonse mmodzimmodzi. Alamu atafika kudzafunsa, amayi anayankha ali pakhomo kuti sunagwe, ana a m'njala amachedwa. Aka kanali koyamba kumva amayi anga akunama, ndipo ananama bwino kwambiri moti ndinachita mantha. Azamba atabwera anamuvundukula mwana, anaona, anamufunditsanso, natuluka akuuza amuna aja kuti adikirebe.

Masiku anapita, amuna pansi pa mango anayamba kung'ung'udza kuti mchombo umenewu ndi wa chitsulo. Amayi m'mawa uliwonse ankavala jekete, n'kuima pakhomo kuyang'ana kumsewu. Njinga iliyonse yotulukira pa chulu inkawaimitsa chilili. Zinali njinga za anthu opita kumalire ndi nkhuku, ndi mipando, ndi malata ofumula pa nyumba zawo, kukasinthitsa ndi ufa.

Kenako mwana anasiya kuyamwa. Ankafuna bere, ankalifunafuna ndi kukamwa, koma nsagwada zake sizinkatseguka. Manja anafumbata, thupi linayamba kuuma n'kumapindikira kumbuyo, ndipo kulira kwake kunasanduka kamawu kochepa kotulukira m'mphuno. Felesiya anayesa kumukamira mkaka pa milomo, mkaka unkangotsika m'tsaya. Dzuwa lisanakwere anali atamanga kale katundu wake m'chitenje.

"Amayi, tiyeni kuchipatala. Mwanayu sali bwino."

"Mwana akatuluka pakhomo apa, aja alowa," anatero amayi. "A Sajeni anati lero ndithu. Tidikire dzuwa lifike pamutu."

Elube anaimirira pakona paja, koyamba kuimirira popanda kuuzidwa. "Mayi, nditulutseni. Khutu silipha munthu. Pitani naye mwanayu."

Amayi anamuuza kuti akhale pansi. Anali ataona chigubu cha palafini chimene chinafika pansi pa mango dzulo lake, ndipo ankadziwa kuti nkhani ya khutu inatha kalekale. Ndimawakumbukira ataima pakati pa kanyumbako, mutu utatsala pang'ono kugunda denga, akuyang'ana mwana, akuyang'ana khomo. Thukuta linkatsika m'khosi mwawo kulowa m'jekete. Sindinawaonepo akuopa chinthu, koma tsiku limenelo ndinawaona akuopa, ndipo ine ndinayamba kulira osadziwa kuti ndikulirira ndani.

Dzuwa linafika pamutu, linapendeka. Mnyamata wa njinga anabwerera yekha. Apo amayi anagonja, anati basi, tinyamuke, zikhale mmene zikhalire. Koma kumadzulo kunali kutada kale bii, ndipo asanamalize kumubereka mwana mvula inagwa, ya mphepo ndi matalala, imene inathamangitsa ngakhale amuna aja kukabisala pakhonde pathu. Mtsinje wa panjira ya kuchipatala ukadzaza sawoloka munthu. Amayi anati m'bandakucha, madzi akaphwa. Madzulo amenewo anatenga madzi m'kapu, anamuthira mwana pamphumi katatu monga anatiphunzitsira ku katekisimu za munthu amene ali pafupi kufa, namutcha Yosefe monong'ona. Kutacha, madzi anali ataphwa, koma mwana womutengera kuchipatala panalibenso.

Khanda lomwalira lisanatuluke m'chikuta sililiridwa mokweza kwathu. Sipakhala bokosi, sipakhala nyimbo, ndipo amuna sapita kumanda. Amakaliika amayi okhaokha, m'mphepete mwa manda, pa dzenje losaya lokumba okha. Mawu atapita, amayi a m'mudzi anayamba kufika mmodzimmodzi, atafunda zitenje kumutu, n'kumalowa m'kanyumba mwakachetechete. Alamu anakhala pa mtondo wogwa pakati pa bwalo, manja ali kumutu. Amuna anzawo anasendera kutali pang'ono, monga mwa ulemu, koma sanachoke.

Mkatimo amayi anagwada pamaso pa Felesiya. Sindinawaonepo akugwadira mwana wawo, ndipo sindinadzawaonenso. Analankhula motsitsa kwambiri, koma kanyumbako kanali kochepa, tonse tinamva. Anati amuna aja akudziwa kuti mayi wa mwana atuluka pakati pa anzake atafunda kumutu, ndipo palibe amene angamuyang'ane kumaso. Anapempha chitenje chake chobiriwira cha mbalame, chimene alamu anamugulira ndipo mudzi wonse unkachidziwa. Anapempha kuti iye atsale. Felesiya anawayang'ana nthawi yaitali ndi maso ouma. Anamasula chitenjecho, anachiponya pansi pafupi ndi mapazi a Elube, natembenukira kukhoma.

Ndinasuzumira pa mng'alu wa bango. Azamba anatsogola atanyamula kamtolo kaja m'manja. Pambuyo pawo panali munthu wofunda chitenje chobiriwira, atawerama, amayi awiri atamugwira uku ndi uku, ndipo kunjenjemera kwake sikunali kochita kupanga. Amayi anga anali pambuyo penipeni, jekete ataivala mkati mwa nsalu. Mzerewo unadutsa pafupi ndi alamu moti chitenje chija chikanawakhudza. Iwo anadzutsa mutu pang'ono, anaona mbalame zija, anaweramanso. Amuna onse anayang'ana kumbali monga mwambo unenera. Panalibe phokoso lina koma la mapazi m'matope.

Mzere utangobisika ndi chimanga, wina pansi pa mango anati tsopano chikuta chatha. Anabwera onse, koma pakhomo anamusiyira Dominiko kuti alowe yekha, poti nyumba inali yake. Anakankha bango lija, kuwala kunalowa, ndipo anaima akuphethira kuti maso azolowere mdima. Pakona panali luzi lokha. Pamphasa panali mkazi wake, atagona choyang'ana kukhoma, mabere atamanga ndi nsanza. Ndinadikira kuti akuwa kapena andimenya. Anayang'ana malo amene mwana ankagona, pamene panali patatsala kathewera kopinda, anayang'ana nthawi yaitali, kenako anatuluka chobwerera m'mbuyo. Kunja anawauza anzake mawu amodzi okha, kuti kazipitani, ndipo anapitadi.

Amayi sanabwerere ndi anzawo kuchokera kumanda. Anadzera njira ya kudambo ndi Elube, anayenda mpaka ku polisi ya kumsika, nakamupereka ndi manja awo monga analonjezera. Kumeneko anapeza wapolisi mmodzi wachinyamata, amene anamva nkhaniyo, nafunsa kuti chimangacho chinali chochuluka bwanji. Atamva anapukusa mutu. Anati m'chitokosi mulibe chakudya chopatsa munthu, ndipo mlandu wotere sungafike kukhoti. Anamulangiza Elube kuti asadzabwerezenso, namuuza kuti azipita. Amayi anamuperekeza mpaka pa mphambano ya kuesiteti. Ngati kamtsikana kake anakakapeza kamoyo, sitinamve. Chitenje chobiriwira amayi anabwera nacho atachipinda, koma Felesiya sanachilandire, ndipo chinathera kusefera madzi.

Chimanga chinakhwima patangopita masabata ochepa. Tinadya chowotcha, chophika, mpaka ena anadwala nacho. Abambo anabwerera ali ndi kathumba ka ufa ndi chifuwa chimene sichinawasiyenso. Alamu anakolola munda wa kumunsi wonse, anatuta, anadzaza nkhokwe ya amayi, kenako anatenga khasu lawo ndi bulangete n'kubwerera kwawo. Sanakangane ndi munthu. Felesiya anakhalabe pakhomo, ankasinja ndi amayi mtondo umodzi, ankawapatsa madzi akachoka kumunda, koma mawu oti amayi anasiya kuwatchula. Akafuna kuwauza kanthu ankandiuza ine kuti kawauze. Amayi anamulozera malo amene anaika mwana, m'mphepete mwa manda pafupi ndi mtengo wa mthethe, koma udzu unali utamera kale ndipo amayi ena ankaloza pena.

M'nyengo yozizira kunabwera galimoto ya polisi, yoyamba kufika m'mudzi mwathu. Munali a Sajeni Mwale ndi akuluakulu ena ochokera kuboma. Tinasonkhana pansi pa mango a kutchalitchi paja, ana tinaimba nyimbo yolonjera alendo. A Sajeni anali ataonda nawonso, kolala ya yunifomu ikuwazungulira khosi. Anapepesa kuti nthawi ya njala sanathe kufika paliponse pamene anaitanidwa, ndipo ndikhulupirira kuti ankanena zoona. Kenako anati m'dera lonse lozungulira, mudzi wathu ndi umodzi mwa yochepa imene munthu sanadulidwe chiwalo kapena kuphedwa chifukwa cha chimanga. Anati izi ndi zimene zimachitika apolisi ndi anthu akagwirana manja. Anaitana aNaphiri kuti aimirire, anthu awaone.

Amayi anaimirira. Anthu anaomba m'manja, ndi amuna aja a pansi pa mango a pakhomo pathu omwe, ena mwa iwo mwamphamvu ngati kuti ndiwo anathandiza. Ine ndinaomba kuposa onse, mpaka zikhatho zinawawa. Ndinkaona kuti amayi anga apambana amuna a mudzi wonse ndi chitseko cha bango, boma labwera ndi galimoto kudzavomereza, ndipo nkhani yathera pabwino ngati nthano. Za mwana ndinkadziwa kuti ndi zachisoni, koma chaka chimenecho ana anamwalira ambiri, ndipo m'mutu mwanga imfa yake inali ya njala monga zinzake. Ndinadabwa kuona amayi osamwetulira, maso ali pa zala za kumapazi. Ndinadabwanso kuona Felesiya, amene anakhala pafupi nane, manja ake ali pamiyendo.

Nditakula n'kubereka wanga woyamba kuchipatala, ndinamufotokozera namwino wina wachikulire mmene mwana uja ankachitira. Anati ameneyo anali kafumbata, amalowera pa mchombo, ndipo makanda ambiri sapulumuka ngakhale atafika nawo msanga. Ndinafunsa ngati ena amapulumuka. Anati ena amapulumuka. Ndinapita kumudzi ndi mawu amenewa ngati mphatso, ndikuganiza kuti ndiwauza amayi theka loyamba lokha. Ndinawapeza atakalamba, akusenda nandolo pakhonde, ndipo anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenako anafunsa funso lomwe ndinafunsa ine, ndipo ndinalephera kuwanamiza.

"Ndinkadziwa," anatero, osasiya kusenda. "Munthu uja anati tibwera. Ine ndinamva."

Ndili mwana ndinkayesa kuti tsiku lija apolisi anawapatsa amayi mphamvu. Tsopano ndikuona kuti anawapatsa ntchito, ntchito yabwino ndithu, koma mphamvu yoigwirira anabwerera nayo pa njinga, ndipo amayi anakaibwereka kwa khanda la masiku ochepa, poti m'mudzi monse ndi lokhalo limene amuna ankaliopa. Elube ngati ali moyo ali ndi makutu onse awiri, ndipo sindinganene kuti amayi analakwa. Felesiya anakwatiwanso kutsidya kwa malire, ali ndi ana asanu, onse anabadwira kuchipatala. Pa maliro a amayi anabwera, anaphika, anatunga madzi, anagona pasiwa ndi ife. Nthawi yonyamula bokosi itakwana, anatsala pakhomo. Anthu anamunena, ena anati ndi mwano. Ine sindinamufunse.